Dimba Langa pa Chithunzi cha Ndege

Mpaka lero ndikamva ndege ikudutsa ndimalavula. Dimba langa linali m'dambo la pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Anandisiyira ndi mayi anga, ndipo ndi limene linkadyetsa ana anga chilimwe chonse: mpiru, anyezi, mondokwa.

Chaka chimene boma linkalemba minda kunabwera wopima malo, bambo wa tayi, nsapato zili phuliphuli. Anayala chithunzi pa boneti ya galimoto, chotuwa, cha mawangamawanga ngati mphasa yodyedwa ndi chiswe. Anatifotokozera monyada kuti ndege inajambula dera lathu mu Febuluwale, kumwamba kuli mitambo yokhayokha, poti makina ake saopa mitambo. Akuti amaponya mafunde pansi, mafundewo n'kubwerera. Akagunda mizere, mitengo kapena nyumba amabwerera ambiri, pachithunzi n'kuwala. Akagwera pa madzi odekha amatsetsereka n'kupita kwina, malowo n'kuda.

Chala chake chinaima pa dimba langa.

"Apa pada bii. Ndi madzi awa. Palibe munda."

"Bwana," ndinatero, "mu Febuluwale dimba lililonse limamira! Ife timalima madzi akaphwa. Tiyeni mukaone anyezi, ndi pompano apa."

Anayang'ana matope a m'njira, n'kuyang'ana nsapato zake.

"Mayi, makina sanama."

"Makina anuwo anayamba agwirapo khasu?"

Anthu anaseka, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa. Wapampando wa chipani m'dera lathu, amene ng'ombe zake zinkasuzumira mpanda wanga kuyambira kalekale, anatsokomola.

"Kodi mayi, mukutsutsa boma?"

Masiku amenewo funso limeneli linkasowetsa munthu. Mlamu wanga ananditsina pamkono. Malowo analembedwa kuti ndi dambo lodyetsera ziweto za aliyense. Aliyense uti? M'mudzi monse mwini ng'ombe anali wapampando yemweyo!

Ndege sindiida kwenikweni, inaona madzi ndipo madziwo analipodi. Amene ndimadana naye ndi munthu wa maso awiri uja, amene anakana kuyenda pang'ono chabe kuopa kudetsa nsapato. Sindinamukhululukire, ndipo sindikufuna.

Anyezi ndinazula osakhwima, mpanda anaugwetsa ine ndikuona. Chitsime chimene mayi anga anakumba ndi manja awo chilipobe, sichiphwa ngakhale mu Okutobala. Amamwetsapo ng'ombe.