A Velu ndi Ndege ya Nambala 407

A Thangavelu, omwe anthu a m'tauni ya Butterworth ankangowatchula kuti a Velu, ankameta anthu m'kashopu kopapatiza kuseri kwa msika. Ankameta bwino ndithu, bola kumwamba kukhale zii. Ndege yankhondo ikangolira, lumo pansi, eni ake panja. Wometedwayo ankatsala pampando nsalu ili m'khosi, mbali imodzi ya mutu ili mbee, inayo ikadali thengo.

"Amalume, mawa ndili ndi ukwati ine!" anakuwa mnyamata wina tsiku lina.

"Ukwati sukuthawa, mwanawe. Ikuthawa ndi iyi!"

Matendawa anawayamba ali mwana. Nyumba ya makolo awo inali pafupi ndi bwalo la ndege za asilikali, ndipo anzawo akamatseka makutu iwo ankangoti kukamwa yasa, maso kumwamba. Atakula anapeza kuti odwala sanali okha. Panali kagulu ka azibambo asanu ndi anayi, kuwerengera ndi iwo omwe, komwe kankakumana Lamlungu lililonse m'mawa pa kantini ya tiyi wamkaka ndi roti, mkate wopyapyala wokazinga, aliyense ndi kope lake lolembamo manambala a pamchira wa ndege. Lamulo linali limodzi: nambala yolowa m'kope ndi imene waiona ndi maso ako. Ya pachithunzi ayi, youzidwa ndi mnzako ayi. Wapampando wawo, a Ooi Kean Huat, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, ankaligwira lamuloli ngati anachita kukalilandira kuphiri.

Tsono kutsidya kwa malire, ku Thailand, kunali ndege khumi ndi zinayi za mtundu wina wakale, za mphuno zosongoka ndi michira yofiira. Zinkabwera ku Butterworth apo ndi apo kudzachita zionetsero za m'mlengalenga, ndipo pa zaka makumi awiri a Velu anali ataona khumi ndi zitatu. Yotsalayo, nambala 407, panalibe wa m'gululo anaiona. Anaipatsa dzina lakuti Mzukwa. A Ooi ankati mwina kulibe n'komwe.

Chaka chomwe a Velu ndi akazi awo, mayi Vasantha, ankakwanitsa zaka makumi atatu ali m'banja, mwana wawo Latha anaimba foni kuchokera ku Ipoh komwe ankagwira ntchito ya unamwino.

"Bambo, amayiwo chikwatiwire sanaonepo kwina. Apititseni kokayenda."

A Velu anavomera msangamsanga, moti Latha akanayenera kukayika. Madzulo anauza akazi awo kuti akupita ku Thailand. Mayi Vasantha anagula chipewa chachikulu cha dzuwa, nauza amayi onse a kukachisi kuti akukapuma kunyanja. Anadabwa pa siteshoni ya sitima ataona amuna awo atanyamula makwerero a aluminiyamu paphewa.

"Bambo a Latha, nanga makwererowo?"

"Mabedi a m'mahotela akumeneko ndi ataliatali."

Anayenda pa sitima masiku awiri, kenako basi, kenako kanjinga kamoto ka mataya atatu komwe kanakawatula m'mphepete mwa munda wa chinangwa. Kutsogolo kunali mpanda wa waya, kuseri kwa mpandawo bwalo la asilikali, msewu wa ndege ukunyezimira ndi dzuwa. Madzi okhawo amene ankaoneka anali a m'chidebe cha nkhuku.

"Nyanja ija ili kuti?"

"Taipitirira dzulo. Munali mtulo."

Mayi Vasantha anavala chipewa chawo, nakhala pansi moyang'ana kumbali.

Mwini mundawo anali mayi Buaphan, omwe anali ndi kachisakasa pamsewu kogulitsira nkhuku yowotcha ndi mpunga womata. Sanadabwe ndi makwererowo. Anali atazolowera anthu amisala yotere, ena ochokera ku Japan, ena azungu ofiira ngati nkhanu yophika. Anangoloza ndi mlomo pomwe anzawo ankaimika makwerero awo, napitiriza kukupiza moto.

Tsiku loyamba a Velu anaima pamakwerero kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, magalasi oonera patali ali kumaso. Zinatuluka ndege zisanu, zonse zozidziwa. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Mayi Vasantha atatopa n'kukwiya analowa m'chisakasa muja nayamba kuthandiza kusenda mapapaya osapsa. Aliyense sankamva chilankhulo cha mnzake, koma pofika masana anali atauzana ndi manja zonse zokhudza amuna awo. Mayi Buaphan analoza a Velu, nazunguliza chala pafupi ndi khutu. Mayi Vasantha anagwedeza mutu mwamphamvu, natambasula zala zonse katatu: zaka makumi atatu.

Tsiku lachitatu mayi Buaphan anaika mapapaya m'kamtondo kuti asinje chakudya cha masana, nafunsa ndi zala kuti aikemo tsabola angati. Mayi Vasantha anaimika zala ziwiri. A Velu, omwe anali atatsika kudzamwa madzi, anaseka.

"Awiri? Mukutichititsa manyazi kudziko la eni. Ife tsabola tinayamwira kubere." Anaimika manja onse awiri.

Mayi Buaphan anawayang'ana, nayang'ana akazi awo, nawerenga tsabola khumi mmodzimmodzi. A Velu anadya mbale yonse misozi ili mbwee, akunena kuti ndi fumbi la ndege. Anakweranso makwerero awo monyadira. Lisanathe ola, m'mimba munayamba kulira mopikisana ndi mainjini a kuseri kwa mpanda. Anapirira, napanikiza miyendo, napirirabe. Kenako anatsika ngati akuthawa njuchi.

"Mayi a Latha, tagwirani magalasiwa. Makwererowa asagwe ndi mphepo!"

Kachimbudzi kanali kuseri kwa chisakasa, ka malata mbali zonse, kopanda ngakhale kabowo. A Velu atangonjuta, dziko linanjenjemera. Khutu lawo linali la zaka makumi asanu, linkadziwa mawu a ndege iliyonse ngati mayi adziwira kulira kwa mwana wake. Mawu awa anali a mtundu womwe uja, koma osasa pang'ono, achilendo. Anayesa kudzuka. Mimba inakana.

"Mayi a Latha! Nambala! Tayang'anani nambala!"

Mayi Vasantha anali asanakwerepo makwerero chibadwire. Anakwinya nsalu yawo yaitali ya sari, mayi Buaphan atagwira makwererowo m'munsi, nakwera mpaka pamwamba. Ndegeyo inkadutsa pang'onopang'ono pafupi penipeni ndi mpanda, inakatembenuka kumapeto, inabangula, n'kunyamuka. A Velu potulukira, lamba ali m'manja, anapeza utsi wokha ukusungunuka kumwamba.

"Ndi iti?"

"Folo, ziro, seveni," anatero mayiwo akutsika mosamala. "Kandege konyansa. Penti yosuluka, phiko lina lachigamba. Koma woyendetsa wake ndi mwana waulemu, wandibayibitsa."

"Wakubayibitsani?"

"Kawiri."

A Velu anakhala pansi pamzere wa chinangwa. Mayi Buaphan anawabweretsera madzi a kokonati.

Anakhalako masiku ena awiri, a Velu akudya mpunga wopanda ndiwo, osachoka pamakwerero. Mzukwa sunatulukenso. M'sitima pobwerera mayi Vasantha anawamvera chisoni.

"Ingolembani. Maso angawa si anu omwe? Paja anatimanga pamodzi kukachisi."

A Velu anatsegula kope, nachotsa chotsekera cholembera, nayang'ana mzere wopanda kanthu uja nthawi yaitali. "Ndinangoimva," anatero, natseka. "Makutu sawerengedwa."

Lamlungu lotsatira a Ooi atamva nkhaniyi sanakhulupirire. Anaitanitsa mayi Vasantha kukantini kuja nawafunsa ngati wophunzira wogwidwa akubera mayeso. Chigamba chinali phiko liti? Nambala inali pamwamba kapena m'munsi mwa mchira? Mayiwo ankayankha akutafuna roti, osaphonya. Pamapeto a Ooi anavula magalasi, naimirira.

"Amayi, mwaona Mzukwa. Pagulu pano ndinu oyamba."

Anawagulira kope latsopano nawalemba kukhala membala wachikhumi. M'kopemo munali nambala imodzi yokha, ndipo mayiwo analibe cholinga chowonjezera ina. Komabe mbiri inafala. Anthu a makope ochokera ku Kuantan ndi ku Singapore ankafika pashopu ya a Velu, a Velu n'kukutumula nsalu mokondwa, iwo n'kufunsa kuti, "Pepani bambo, amayi aja alipo?"

Chaka chotsatira a Velu anabwerera okha ku Thailand. Sanafike n'kumunda komwe. Pachipata cha bwalo la asilikali lija anapeza 407 itakwezedwa pachipilala cha simenti, mphuno italoza kumwamba, m'munsi atabzala maluwa. Inali itapuma pantchito. Anali ataipenta mwatsopano, ndipo mbalame zinali zitamanga kale chisa m'kamwa mwa injini. A Velu anaizungulira kanayi, anaigwira tayala, mpaka msilikali wa pachipata anawafunsa ngati akumva bwino m'thupi.

Kukantini kunabuka mkangano umene unatenga Malamlungu atatu. Ena ankati waiona ndi maso, nkhani yatha. Ena ankati ndege ya pachipilala si ndege, ndi chiboliboli, apo ayi tiyambe kulemba ndi za m'mashopu a zidole. A Ooi analamula voti, mwini mlandu osavota. Manja anayi anavomera, anayi anakana. Onse anatembenukira kwa mayi Vasantha.

Mayiwo anamwa tiyi wawo pang'onopang'ono mpaka kutha, napukuta pakamwa.

"Yangatu inkauluka," anatero. "Koma munthuyu wavutika. Alembe. Ndi pensulo."

A Ooi anati chigamulocho n'chanzeru, ndipo anabwereketsa pensulo yawo. A Velu anainola ndi lumo la m'thumba, nalemba manambala atatu aja motsindika zedi moti anaonekera pa masamba anayi otsatira.