Tsamba la Nthochi mu Fodya wa Apongozi

Apongozi anga aamuna ankadwala shuga, ndipo chaka chomwe ndinabereka mwana woyamba maso awo anayamba kuchita nkhungu. Kuchipatala anawauza kuti apite akawaunike maso zinthu zisanaipe. Iwo anakana.

Chinawakanitsa ndi wailesi. Anamva kuti kunja akatswiri akutenga mbewa zodwala shuga n'kumaziika m'maso tinthu tamoyo tating'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo zina maso ayamba kupezako bwino. Woulutsa ananena kuti pa anthu sizinafike, koma apongozi anamva zomwe ankafuna kumva.

"Ndidikira mankhwala a mbewawo," ankatero. "Enawa n'kungotaya nthawi."

Amuna anga anawanyengerera mpaka kutopa. Ine sindikanatha kunena kanthu. Ndinapita chitengwa ndili wamng'ono, ndipo apongozi sindinkawayang'ana kumaso. Ndikakhala ndi mawu, ndinkauza khanda kumsana, iwo n'kumva okha.

Nyengo yosankha fodya tinkakhala tonse m'chigafa, iwo uko, ine kuno. Tsiku lina ndinafunsa mwana mokwezako mawu.

"Iwe, mbewa zija shuga zinamupeza kuti? Kapena nazonso zimabisa chitini cha shuga kuseri kwa matumba a feteleza?"

Apongozi anatsokomola. Chitini chobisikacho chinali chawo.

"Nanga kwa dokotala zinafikako bwanji? Zinangokhala pakhonde kudikira?"

M'mawa mwake anakhalanso pamalo pawo, kusakaniza fodya wofiira ndi wobiriwira osadziwa.

Ndiye ndinatenga tsamba louma la nthochi, ndinalidula kuti lifanane ndi la fodya, n'kulilowetsa pamulu wawo iwo atatuluka.

Atabwerera analitola, analiyandikitsa kumaso, analiloza koŵala. Kenako analiika pamodzi ndi fodya wabwino kwambiri. Ndinaluma nsonga ya chitenje kuti ndisaseke. Koma dzanja lawo linabwerera lokha. Analisisita, tsambalo linalira kuti khwaa, n'kung'ambika. Kuseka kwanga kunathawa.

"Mdzukulu," anatero, akulankhula ndi mwana wanga yemwe ankangoyamwa chala, "uwauze amayi ako kuti zala zangazi zikanali moyo."

Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

"Uwauzenso kuti masowa analivomera tsambali. Abambo ako apope njinga."

Anapita kuchipatala atakhala pakaliyala, atavala jekete la kutchalitchi. Adokotala anati diso lamanzere lachedwa, koma lamanja angathe kuliteteza ngati azibwera mosadumphitsa. Amapitabe mpaka pano.

Fodya sanasiye kusankha. Koma akakayika mtundu wa tsamba amalikankhira mbali yanga ndi ndodo, nkhope ili kwina.

"Mdzukulu, tawafunsa amayi ako, akatswiri a nthochi aja. Ili ndi lofiira?"