Mawu a mwana wanga anatsalira m'foni

Amene anandibweretsera uthengawo anali namwino wa ku Embangweni, mtsikana wa ku Dedza amene anaphunzira limodzi ndi mwana wanga. Anandipeza ndikupalira nyemba. Atagwada pamzere pomwepo ndi yunifomu yake yoyera, ndinadziwiratu. Mwana wanga wamkazi yekhayo anali atamwalira ku Ireland. Mutu wa masiku awiri okha.

Kumeneko ankasamalira mayi wina wokalamba pa kachilumba. Anandigulira foni, ndipo Lamulungu lililonse ankanditumizira mawu, poti maso anga sawerenga tizilembo ta pagalasi.

"Mama, kuno mitengo kulibe," ankatero. "A ku Chikangawa atabwera angalire. Miyala yokhayokha, mipanda ya miyala yongosanja popanda matope. Dothi makolo awo anachita kupanga, kusenza mchenga ndi ndere za m'nyanja m'madengu n'kuyala pathanthwe kuti adzale mbatatesi."

Anati chilumba chonse munthu angachidutse wapansi, ngati kuchoka kwathu kukafika ku Manyamula. Kuli linga lakalekale pamwamba pa phompho, ndi katchalitchi kopanda denga komwe ankapita kukapemphera. Mphepo ikavuta boti siliyenda, mbwenu aliyense amangokhala.

"Okalamba amayankhula chiyankhulo chawo, mama. Chingerezi amasungira alendo, monga inu mumasungira Chichewa apolisi." Ankaseka mpaka kutsokomola.

Mwamuna wa mwana wangayo, ali ku Joni, analamula kuti aikidwe pachilumba pomwepo. Mayi wokalamba uja anam'patsa malo pambali pa manda a mwamuna wake, mumchenga. Sindidzamuona mayi ameneyo, koma Ambuye amudalitse chomene.

Tinalira maliro opanda bokosi kumudzi kwa apongozi a mwana wanga. Tsiku logawa katundu, mkulu wake wa mkamwini wanga anatambasula dzanja.

"Amama, foni ija."

"Koma anagulira ine, adada."

"Ng'ombe zathu za lobola zinalowa m'khola lanu. Chilichonse anagula mkazi wathu n'cha pano."

Sindinalimbane nawo. Ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe, ndinachotsa kakhadi ka m'foniyo ndi phini, n'kukamanga pangodya ya chitenje. Ndinkayesa kuti mawu amakhala m'menemo, poti m'menemo ndi momwe ankadzera. Ndinapereka foniyo ndi manja awiri, ndinathokozanso. Yewo, ndinatero.

Patapita milungu iwiri ndinakwera galimoto kupita ku Mzimba boma, kwa bambo wina wokonza mafoni pafupi ndi msika. Anaika kakhadiko m'foni yake, anadinadina, kenako anandiyang'ana mwachisoni.

"Mayi, umu muli nambala basi. Mawu anatsala m'foni."

Tsiku lomwelo ndinakafika kwa apongozi, fumbi mpaka m'mawondo. Foni ndinaipeza m'manja mwa mkazi wamng'ono wa mkulu wake wa mkamwini wanga uja, ikuimba nyimbo. Ndinagwada pabwalo pamaso pa mwamuna wakeyo, ine mayi wa malemu.

"Ndapota, adada. Foni ikhale yanu. Ndingomva kamodzi."

"Tinafufuta zonse, zinkadzadza malo." Anatafuna mzimbe, n'kulavula. "Ndinamvetserako ziwiri. Ankangonena za miyala, amama. Kodi miyala ku Mzimba yatha?"

Azimayi amene anali pakhonde anaseka. Mmodzi yekha anawerama.

Kakhadiko ndikadali nako, m'Baibulo. M'mawa uliwonse ndikatha kupemphera ndimanena chilumbacho mokweza: mipanda, linga, katchalitchi, boti. Ndimathokoza Mulungu kuti mutu wanga unasungako izi. Koma panali mawu amodzi a chiyankhulo chawo amene anandiphunzitsa, operekera moni, onena za Mulungu. Anandibwerezetsa katatu, akundiseka. Andithawa, ndipo palibenso wom'funsa.

Inu amene mwawerenga, mukagwada mutikumbukire ife a pakhomo pano, bambo ake a malemu amene sanayankhulebe za nkhaniyi, ndi mayi uja wa pachilumba amene amakapalira pamanda m'malo mwanga.