Kumene Bambo Ankapita M'mawa

Dzulo ndinaona nsapato zoyera zakanivasi pamsika, mtima unandiwawa. Bambo anga anali ndi zotero. Atawapeza ndi matenda a shuga, adokotala anawauza kuti aziyenda ndawala m'mawa uliwonse, ndipo amayi anagulitsa mtedza wawo n'kuwagulira nsapatozo. Ankanyamuka kwathu ku Guilleme mame asanaume, ife tikuwanyadira.

Tsiku lina anaiwala mapiritsi, amayi anandituma kuti ndiwathamangire. Ndinatsata mapazi awo m'matope mpaka pakhonde la mayi wina yemwe sindinkamudziwa. Bambo anali khale pampando, akumwa tiyi, khanda lili pamiyendo.

"Mwana wanga, usakawauze amayi ako," ananong'ona.

Mayiyo anandimwetulira. "Usaope, bwera udzamunyamule mng'ono wako."