Ng'oma ya Laimoni Imamvera Chala Changa

Anzanga, ine ndinapita kukakalipa, osati kukakonda munthu.

Munali mu 1986. Ananditumiza kukaphunzitsa ku Neno, digiri yanga ikadali yatsopano. Kuseri kwa nyumba yanga kunali galaja ya makaniko wina, Laimoni. Masana alionse gitala yake, yolumikiza ku batire ya lole, inkalira ngati akucheka chitsulo. Ine makope ndichonge bwanji?

"Bambo, phokoso ili lili ndi laisensi?"

Anandiyang'ana, girisi mpaka m'makutu. "Aphunzitsi, likungosowa ng'oma. Takhalani apo."

Ng'omayo inali mgolo wokuta ndi chikopa cha ng'ombe, chopondera chake anachotsa pa kilatchi ya lole yakufa. Sipuling'i yodzutsa choponderacho inali itathyoka: ukachiponda, sichidzuka. Ndinavula nsapato, kuponda, n'kuchikoka ndi chala chachikulu. Du, du, du! Malata kunjenjemera, masipanala kuvina pakhoma. Anthu awiri basi, phokoso la anthu khumi.

Miyezi isanu ndi itatu, anzanga, munthu wowerenga filosofi ine, ndikubwerera kunyumba ndikununkha dizilo, ndikumwetulira ndekha ngati chitsiru.

Kenako anatiitana kukaimba ku Zalewa Loweruka masana. Lachisanu, Laimoni akuti:

"Stelia, mawa ng'oma aimba Herbert."

"Herbert womata matayala?"

"Nanga si lamulo likukana mkazi kuvala thalauza? Ukakhale chotangadza pagulu, mu siketi? Achibale anga akati chiyani?"

Eti. Miyendo yomweyi m'galaja inalibe mlandu.

Ndinapitabe, siketi yofika m'akakolo, n'kukhala kutsogolo kwenikweni. Herbert anafika mu jombo zatsopano. Anaponda kamodzi, chopondera chinagona osadzuka. Kuwerama, kuchidzutsa ndi dzanja, kupondanso... gitala ili kutsogolo kutali, ng'oma ikubwera m'mbuyo pa ngolo. Amayi ogulitsa manachesi anayamba kuseka, ena kunyamuka.

Laimoni anasiya kuimba. "Aphunzitsi... chonde."

"Achibale anu aja apita?"

"Chonde, Stelia."

Ndinavula nsapato, n'kumupatsa Herbert kuti andigwirire. Siketi ndinaiyala bwinobwino pa maondo, ndipo ndinaponda.

Onyamuka aja anabwerera. Madalaivala a malole anazimitsa injini pamsewu. Fumbi linakwera mpaka m'mano. Pa nyimbo yachisanu sipika inapsa, gitala n'kukhala chete, koma ng'oma inapitirira yokha, anthu osasiya kuvina.

Titatha, Laimoni anandigwira mkono. "Tiiwale za dzulo, wokondedwa."

"Za dzulo ndaiwala kale. Panopa ndayamba kuiwala inuyo."

Ndinamasula chopondera chija ndi sipanala yake yomwe, n'kukwera nacho basi ya ku Neno. Mpaka lero chili patebulo langa, chikupanikiza mapepala.

Mwamuna wokunyadirani m'galaja mokha, anzanga, musiyireni galajayo.