Chiphaso Chodulira Mlombwa wa Amayi

Mlombwa uja unali kuseri kwa nyumba ya amayi, ndipo unayamba kupendekeka chaka chimene ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Chiswe chinali chitaudya m'kati. Ukaugogoda ndi mpini unkalira ngati ng'oma yosakunga bwino. Mphepo ikamachokera ku phiri la Mphangwe, nthambi yake yaikulu inkasesa udzu wa padenga, dothi la patsinde n'kumatukuka ndi kubwerera ngati chifuwa cha munthu wogona. Ine ndinkagona m'nyumba momwemo masiku amenewo, poti amayi ankafuna kundiyang'anira mpaka nditachira.

Mwamuna wanga anali mphunzitsi wa sukulu ya mpingo, mkamwini pamudzi pathu. Tsiku lina m'mawa ananola nkhwangwa, n'kutema mtengowo kamodzi kokha. Utomoni wake wofiira usanafike n'komwe pansi, tinamva mawu kunjira.

"Aphunzitsi, ikani nkhwangwayo pansi."

Anali kapitawo wa kumunda wa fodya. Panali patapita zaka zingapo chimvereni kuti dziko lathu lonse, kuyambira kumtsinje wa Katete mpaka kumapiri, linagulidwa ndi mzungu. Mzunguyo sitinkamuona. Tinkangoona miyala younjika m'malire, yopakidwa laimu, ndipo tinkalima monga kale.

Kapitawo anafotokoza mosakweza mawu. Nkhuni zouma tingatole. Koma mtengo uliwonse woti munthu sangaukumbatire n'kugwirana manja ndi wa bwana, makamaka mlombwa ndi mbawa. Wofuna kudula apite ku ofesi akatenge chiphaso, alipire masheleni atatu, ndipo thunthu likhalabe la bwana. Ife tidzatenga nthambi.

"Mtengowu utigwera," anatero mwamuna wanga. "M'nyumbamu muli mayi woyembekezera."

"Ukagwa wokha palibe mlandu. Mukaugwetsa inu, mlandu ulipo."

Kapitawo anayang'ana bala la nkhwangwa lija nthawi yaitali, kenako anati lero sanalione.

Tinagulitsa nkhuku ndi madengu a mtedza. Ku ofesi kunali ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, ndipo mwamuna wanga anapitako katatu. Koyamba bwana anali ku Boma. Kachiwiri kalaliki anati mapepala atha. Nthawi yonseyi mitambo inkaunjikana madzulo n'kubalalika osagwetsa kanthu, ndipo mizu iwiri ya mlombwa inatulukira pamtunda. Ndinapempha amayi kuti tisamukire m'nyumba yathu, iwo anakana. Anati nyumba yathu ndi ya mkamwini, sangagonemo, ndipo ine sindichoka pamaso pawo.

Ulendo wachitatu anabwera nalo pepala, pamodzi ndi kapitawo atanyamula kabotolo ka inki. Pepalalo linkafuna chala cha mwini nyumba, ndiye kuti amayi.

Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. Mawu onse a pakati pawo ankadzera mwa ine. Mwamuna wanga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, pepala lili m'manja. Chizungu ankawerenga pang'onopang'ono, akulondola ndi chala.

"Pepalali likunena zinthu ziwiri," anatero. "Choyamba, mtengo udulidwe. Chachiwiri, wodinda chala akuvomera kuti akukhala pa malo a mzungu mwa chifundo chake, ndipo akadzauzidwa kuchoka adzachoka. Kawauze amayi zonse ziwiri. Akakana, akane. Tiona pochita."

Ndinapita. Amayi anali pakhonde akusenda mtedza, kapitawo atakhala pa mtondo chapatali. Nthawi yomweyo kunadutsa kamvuluvulu pabwalo, ndipo mlombwa unalira kuchokera pansi, kulira kwa chinthu chothyoka m'kati. Mwana anagunda m'mimba mwanga.

Ndinagwada n'kuwauza kuti pepala likuti mtengo udulidwe, angodinda chala.

"N'zokhazo?" anafunsa.

"N'zokhazo, amayi."

Anapukuta chala pa nsalu yawo n'kuchipereka kwa kapitawo. Mwamuna wanga anali ataima kunkhokwe kuja, atatembenukira kumbali monga mwa ulemu. Sanamve chimene ndinanena.

Patatha masiku awiri kunabwera amuna anayi a kumunda wa fodya ndi zingwe ndi sowo yaitali. Anaugwetsera mtengowo kumbali ya kudambo, bwinobwino, osakhudza ngakhale udzu umodzi wa denga. Kunja kwake kunali kolimbabe kuposa mmene tinkaganizira. Anakumba dzenje pabwalo pathu pomwe, mmodzi pansi wina pamwamba, n'kuyamba kucheka matabwa. Utuchi wofiira unadzaza paliponse, m'mitsuko ya madzi, m'tsitsi, mu ufa. Ndinachira mwana wamkazi sowo ikulira panja.

Atatha mlombwa wathu sanachoke. Dzenje linali lokumbakumba, anatero, bwanji kukumba lina. Kapitawo ankayenda m'mudzi ndi chitini cha laimu, kupaka mitanda pa mitengo ikuluikulu, ndipo m'mawa uliwonse tinkapeza ina yopakidwa pafupi ndi nyumba za anthu. Tsiku lina mmodzi wa ocheka aja, akumwa madzi amene ndinamupatsa, analoza msitu wa kumanda n'kundifunsa ngati kumeneko kuli mbawa. Ndinati sindidziwa, akazi sitilowako wamba.

Titakolola, kapitawo anabwera ndi mtolo wa mapepala kudzatiuza kuti tonse tichoke pamalopo. Mabanja ena analibe pepala lililonse, ndipo iwo anatsutsa, nkhani yawo inapita ku Boma n'kuchedwa chaka china. Lathu linali loyamba kuwerengedwa. Analiwerenga m'Chinyanja, zonse ziwiri, n'kuonetsa anthu chala cha amayi.

Amayi sanayang'ane ine. Anatembenuka, koyamba chikwatiwireni ine, n'kuyang'ana mkamwini wawo kumaso.

"Ndi ameneyu wodziwa kuwerenga," anatero.

Mwamuna wanga anagwetsa nkhope. Kenako anandiyang'ana pang'ono chabe, ndipo ndinadziwa kuti wazindikira. Ndinali ndi mwana kubere. Ndikanatha kulankhula pomwepo, anthu onse ali pabwalo, koma ndinakhala chete.

Tinasamukira cha ku Sinda, pa malo a miyala amene anatilozera. Mwamuna wanga ndi amene anamangira amayi nyumba yatsopano, yekha, ndipo iwo sanalandirenso chilichonse chochokera m'manja mwake, kaya nyama kaya mchere. Ine ndinkawanamiza kuti ndagula ndekha. Anakhala nafe madzinja awiri, n'kumwalira ndi chifuwa.

Mwamuna wanga sanandifunsepo za tsiku lija. Anaphunzitsa sukulu mpaka maso atafooka. Koma kuyambira pamenepo, kalata ikabwera pakhomo pathu, ankaitana aliyense wokhudzidwa, n'kuiwerenga mokweza yekha kuyambira pamwamba mpaka pansi, ine nditakhala pomwepo.