Khola Limene Sitinamangire Sajeni

Lachitatu lapitali, pa laini yathu ya nyumba za boma kuno ku Mangochi, tinakwirira galu.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Galu? Mkulu ameneyu wasowa cholemba sabata ino? Sekani, koma mundimvere kaye, chifukwa ine kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale m'malo.

Galuyo dzina lake anali Sajeni. Ankakhala ndi a Nangozo, aphunzitsi a ku pulayimale amene tinayandikana nawo nyumba, kwawo ku Ntcheu. Kunena zoona, Sajeni anali wa amuna awo, amene anali kalaliki pa ofesi ina pabomapa. Chaka chatha, m'mawa wina, pakhomo pawo panaima Landirova. Bambowo anakwera atavala patapata, ndipo sanabwerenso. Kumene ali musandifunse. Inunso mukudziwa kuti pali maulendo ena amene munthu safunsa.

Tsiku limenelo Sajeni anaithamangira galimotoyo mpaka kupitirira msika. Anabwerera lilime lili panja, ndipo kuyambira pamenepo mutu wake sunakhazikikenso.

Anali galu wamng'ono m'zaka, wa miyendo italiitali, wosadziwa kuyenda pang'onopang'ono. A Nangozo akakhala pakhomo, ankagona pamapazi awo ngati mwana. Koma akangotenga mabuku n'kukhoma chitseko, basi zayambika: kulira, kukanda, kukumba pansi pa mpanda. Akamva Landirova, kaya ndi ya achipatala kaya ya a zaulimi, ankatuluka ngakhale poboola mpanda, n'kuilondola. Ife tinkati galuyo wapenga. Lero ndikuona kuti ankangofuna amene anamusiya.

Kenaka kunabwera chiwewe. Tinamva kuti cha ku Nkhudzi galu waluma mwana, ndipo posakhalitsa galimoto ya chimkuzamawu inazungulira boma lonse: agalu onse amangidwe, wopezeka akuyendayenda awomberedwa. Lamulo limenelo sindikulitsutsa ayi. Ndinaonapo munthu akufa ndi chiwewe ndili mwana, ndipo sindifuna kudzaonanso.

Koma tandiuzani, galu ngati Sajeni mumamumanga bwanji?

A Nangozo anayesa kumutsekera m'nyumba. Pobwera kusukulu anapeza watafuna m'munsi mwa chitseko ndi kung'amba sefa ya pawindo. Nyumba ndi ya boma imeneyo, ndipo mayi amene amuna ake anapita ulendo uja safuna chifukwa china choitanidwira ku ofesi.

Anayesa kukhitchini. Khitchini ya malata, Okutobala wa ku Mangochi kuno! Anamupeza ali kwala, akupuma wefuwefu, thovu lili kukamwa. Anatseka chitseko msangamsanga n'kuyamba kumuthira madzi mwakabisira, chifukwa masiku ano galu wa thovu kukamwa safunsidwa kuti wadwala chiyani.

Anayesa chingwe cha khonje. Anachitafuna belu la buleki lisanalire.

Apa m'pamene anabwera kwathu madzulo ena. Anaima patali ndi khonde, ngati mlendo.

"Odi, bambo a Chikondi. Pepani ndakusokonezani. Ndimati mwina Loweruka mungandithandizeko kuzika mitengo. Kakhola chabe, pansi pa mango paja. Nsungwi ndapeza kale, koma nthaka yauma, manja angawa sangathe."

"Tiona, mayi," ndinatero ine. "Loweruka lino ndili ndi kaulendo pang'ono."

Kaulendo kake kanali ka pa mpando wanga wandalema. Anapita nyumba yotsatira, kumeneko bambo anali ndi msana. Nyumba inayo kunali maliro amene palibe anawamva. Tonse pa laini ino ndife anthu a tchalitchi, timaimba bwino Lamulungu. Koma chichokereni Landirova ija, moni wathu kwa a Nangozo timaupereka tili kutsidya kwa msewu, ndipo palibe amafuna kuoneka ali m'bwalo mwawo ndi khasu m'manja. Ndani akudziwa amene akuyang'ana?

Amene anawathandiza ndi Che Yusufu, msodzi wa kwa Mponda, amene malo ake anachita malire ndi mpanda wathu wa kuseri. Iwo ndi Asilamu, galu sasunga, ndipo Sajeni anali atawagwetserapo usipa pa thandala kangapo konse. Komabe anabwera ndi chingwe cha nayiloni, chija amakokera makoka.

"Amayi, ichi ngakhale ng'ona siingadule," anatero akuponya chingwecho pamwamba pa mpanda. "Koma kugwira galuyo ndiye iyayi, mumange nokha."

Ndipo chingwecho chinagwira ntchito. Sajeni anachitafuna mpaka nkhama kutuluka magazi, koma sichinaduke.

Lachitatu kunabwera mlendo wamkulu wochokera ku likulu. Tsiku lotero mukulidziwa. Msika umatsekedwa, ana a sukulu amandanda mumsewu kuyambira m'mawa, amayi amavala nsalu zija n'kupita kukavina, ndipo achinyamata amazungulira m'makomo kuona ngati wina watsalira. Munthu sunganene kuti ndatsala kuti ndiyang'anire galu.

A Nangozo anamangirira Sajeni pamtengo wa mango. Masiku ena onse ankafupikitsa chingwe, chifukwa masana ankabwera kudzamuona. Tsiku ili ankadziwa kuti abwera dzuwa litapendeka. Anaganiza za mthunzi umene umasuntha, anaganiza za beseni la madzi, ndiye anamasula chingwe chonse kuti galuyo azitha kutsatira mthunziwo. Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali. Chingwe chija chinkafika pampanda n'kupitirirako pang'ono.

Masana, Landirova ya anthu a mfuti owombera agalu inadutsa mumsewu wa kuseri. Sajeni anaimva. Anathamanga n'kulumpha mpanda wa bango uja, kugwera mbali ya kwa Che Yusufu. Chingwe chinali chokwanira kuti awoloke, koma chosakwanira kuti miyendo yake ifike pansi.

M'dera lonselo munali munthu mmodzi yekha: Abiti Amadu, mayi awo a Che Yusufu, amene miyendo inawakana kalekale moti ngakhale achinyamata aja amawasiya. Zotsatirazi anandiuza okha.

"Ine ndinali nditatawaza kale, mwanangu, ndikufuna kuswali pemphero la masana. Ndiye ndikumva khoo! khoo! Kusuzumira, galu uja ali lendee pampanda, maso ali tong'oo. Ndinati Subuhanallah! Chibadwire changa ine galu sindinamugwirepo, ndi najisi, chodetsedwa kwa ife. Koma ndi cholengedwa cha Mulungu chimenecho, nanga ndikanaswali bwanji chikufa pamaso panga?"

Gogo ameneyu anakwawa mpaka pampanda ndi mpeni wotumbulira nsomba. Anamusenza galuyo paphewa kuti khosi lipume, dovu likuyenderera pa nsalu yawo yoswalira, n'kuyamba kucheka. Nayiloni saduka msanga. Anacheka mpaka chingwe chinati thu, onse awiri n'kugwera pansi.

"Anatsokomola, kenaka anaimirira. Ndinati Alihamudulillahi, wapulumuka. Sindinaganize kuti ndamumasula, mwanangu. Ndinamuitana, koma amandidziwa ine?"

Sajeni anathamangira Landirova ija, monga ankachitira nthawi zonse.

Ife kubwalo la msonkhano tinaimva mfuti, chapatali, pakati pa ng'oma. Palibe anatembenuka. A Nangozo anali pamzere wakutsogolo, akuvina ndi mphamvu kuposa onse, chifukwa munthu ngati iwo ayenera kuoneka akuvina.

Anamupeza madzulo m'mbali mwa msewu, kachidutswa ka chingwe kali m'khosi. Mmodzi wa anthu a mfuti aja anali akadali chapafupi, ndipo mayiwo anamuonetsa kachingweko.

"Mayi, ife tinauzidwa za galu woyendayenda," anatero mnyamatayo. "Nanga mbali inayo ya kachingweka inali pamtengo?"

Sanalakwe. Ndi chimene chikundipweteka. Wa mfuti anatsata lamulo, Che Yusufu anapereka chingwe cholimba, gogo uja anachita zimene ambiri a ife sitikanachita, ndipo a Nangozo anamvera zonse zimene chimkuzamawu chinanena. Nanga galuyu anamupha ndani?

Ife Amalawi galu timamutenga ngati loko wa pachitseko. Timafuna auwe usiku, masana asaoneke. Akavuta timafuna waya wokulirapo, tcheni cholemerapo, mfundo yothina. Sitidzifunsa kuti kodi n'chiyani chikumukoka chonchi. Yendani m'makomo mwezi uno muone: agalu omangidwa padzuwa ndi waya wa njinga, ena pambali pa mulu wa njerwa pamene angakwere n'kulendewera, ena ndi mfundo yomangira mbuzi, ija imathina ukamakoka. Ambiri mwa amenewa chiwewe sichiwapeza n'komwe, adzafa ndi ife eni ake.

Inu amene muli ndi galu wosakhazikika, ndikupempheni. Musamumangirire pafupi ndi mpanda, kapena chilichonse chimene angalumphe. Musamutsekere m'malata. M'mawa musanapite kuntchito yendani naye pachingwe mpaka atope, chifukwa galu wotopa amagona. Musiyireni chovala chanu chakale chosachapa, fungo lanu limamukhazika mtima pansi. Koma choposa zonse, mumangireni khola pamthunzi, mitengo yozika mozama kuti asakumbe, pamwamba potseka kuti asalumphe, m'khosi mopanda kanthu. M'khola lotero Sajeni akanalira tsiku lonse, akanatisokosera, koma madzulo akanamupeza wamoyo.

A Nangozo zonsezi ankazidziwa. Nsungwi zija zikadali mulu kuseri kwa nyumba yawo. Chimene analibe ndi amuna awiri kapena atatu oti awathandize kukumba m'mawa umodzi wa Loweruka.

Apa m'pamene nkhani ya galu ikuthera, n'kuyamba ya ife. Tazolowera kuyeza khomo tisanalowe. Tisanapereke moni timayamba tayang'ana kumanzere ndi kumanja. Palibe lamulo lililonse limene linalengezedwa pa chimkuzamawu loletsa kuthandiza mayi wokhala yekha kuzika mitengo. Lamulo limenelo tinadzipangira tokha, ndipo timalisunga bwino kuposa malamulo enieni. Timati tikuteteza ana athu ndi ntchito zathu. Mwina n'zoona. Koma paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo Landirova siyamba yafunsa kuti pakhomo pano munali ochenjera bwanji.

Dzenje tinakumba awiri, Che Yusufu ndi ine, pansi pa mango pomwe paja. Ndinapita chifukwa manyazi anandikulira kuposa mantha. Nthaka inali youma zedi, monga ananenera mayiwo, koma sitinachedwe nayo. Anzathu a pa laini ankaonera m'mawindo, makatani atatsegula pang'ono.

Titamaliza, a Nangozo anagwada mwaulemu.

"Zikomo, abambo. Mwandithandiza," anatero. "Tsiku limene bambo ake adzabwere, sindikudziwa kuti ndidzawauza chiyani."

Sanalire pamaso pathu. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Lachinayi sanapite kusukulu. Lachisanu chimodzimodzi. Pamene ndikulemba pano, utsi sunafukepo kukhitchini kwawo, ndipo munthu yekhayo amene wafikako ndi Abiti Amadu, amene anawaitanira pampanda n'kuwasiyira phala m'kambale. Mkazi wanga akuti ndipite ndine, ine ndikuti nkhani za amayi zimafuna amayi anzawo. Nyumba yotsatira akudikira kuti aone ngati ife tipite.

Kale pakhomo paja pakachitika kanthu, Sajeni ankatiuza, tifune tisafune. Tsopano pali zii.

Ndiye ndikufunseni, anzanga a pa laini, ndi inu nonse amene muli ndi khomo lotere pafupi nanu: akagogode ndani? Kapena tidikira kuti ntchentche zidzatiuze?